Magweru a Tina Obed

Tina Obed mano awo akutsogolo anawasiya patsinde pa kachere ali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndipo chiwasiyireni sanabwerereko kukawatola. Masiku amenewo mtsikana aliyense wa kuno ku Kulawi akatha msinkhu ankamugoneka chagada pamkeka, kumuphimba kumaso, mayi wodziwa ntchitoyo n'kuika kachitsulo padzino, n'kukhoma. Am'mwamba, kenako am'munsi. Dzina lake ratompo. Ukafunsa chifukwa chake, aliyense amanena zake. Madoda ena amati kalekale mkazi wina analuma mwamuna wake pamalo oti sitingatchule pagulu, ndiye amuna onse anakhala pansi n'kupangana. Tina Obed akaimva imeneyo ankangolavula malovu ofiira a pinangi, mtedza umene timatafuna kuno, n'kunena kuti, “Mkaziyo anali waulesi. Akanamaliza ntchito.”

Magweruwo sanawalepheretse kanthu. Nkhuku zawo ankaziitana ali tsidya lino la mtsinje, izo zili tsidya linalo. Kutchalitchi ankaimba mpaka woliza lipenga kumawayang'ana ndi diso loipa. Pamaliro, paukwati, pamlandu wa njati yolowa m'munda wa mpunga wa eni ake, pakamwa pomwepo ndi pamene pankagwira ntchito. Koma musaganize kuti mwambowo ankaukonda. Mwana wawo wamkazi, Orpa, atatha msinkhu, apongozi awo anabwera mamawa ndi mayi wa kachitsulo uja, ngakhale boma ndi mpingo anali ataletsa kale. Tina Obed anawathamangitsa onse awiri ndi chibonga chosulira nyanda mpaka kumlatho. Orpa anakula ndi mano onse, oyera mbee, ndipo mano omwewo ndi amene anakopa kalaliki wina wa mumzinda wa Palu n'kumutenga. Ana ake atatu anabadwira komweko. Akabwera pa Khirisimasi, agogo awo n'kuwayankhula, ankangogwedeza mitu ngati agulo, kenako n'kutembenukira kwa mayi wawo: “Akuti chiyani?” M'Chiindoneziya, inu. M'nyumba ya Tina Obed.

Chimenecho ndiye chinkawawawa kuposa kachitsulo.

Chaka chimene koko anabereka mpaka mikeka yoyanikira kuperewera, kunafika munthu wa ku yunivesite ya ku Palu, dzina lake Darwis, atanyamula wailesi ya kaseti m'chikwama chachikopa, bokosi la mabatire ndi buku lodzaza mawu oti afunse. Obed, mwana woyamba wa Tina Obed (kwathu kuno tina ndiye kuti mayi ake), amene anali mlembi wa mudzi, analengeza pakhomo pa tchalitchi kuti mlendoyu wabwera kudzajambula Chimoma, chiyankhulo chathu. Makasetiwo adzawachulukitsa, adzapita m'masukulu a m'chigwa muno mpaka ku Palu komwe, kuti ana amene akuiwala azimva.

Tina Obed pa zonsezo anatolapo liwu limodzi: Palu. Ngati kabokosi kameneko kangameze mawu a munthu n'kukawalavula ku Palu, ndiye kuti adzukulu aja adzawamva tsiku lililonse, afune asafune, mpaka makutu awo atatseguka. Lolemba m'mawa anavala siketi yawo ya mipukutu itatu, n'kukhala oyamba pakhonde la ofesi.

Darwis anali munthu waulemu, wochepa thupi, wa magalasi. Kwawo kunali kunyanja uko, kumene umodzi amati sintuvu pamene ife timati hintuvu. Akanafunsa bwino akanadziwiratu kuti dzina la chiyankhulo chathu ndi liwu lomwe timakanira, moma, ndipo akanabwera atakonzeka. Koma iye anakhala pampando, n'kumaitana anthu mmodzimmodzi.

“Agogo, tayasamulani pang'ono.”

“Ukufuna kundigula?” anafunsa Tina Obed. “Njati ndiye timaziyang'ana m'kamwa. Ukaone ndi ziboda zomwe?”

Anthu pakhondepo anaseka. Darwis anamwetulira mwamanyazi, koma anasuzumirabe. Atasuzumira analemba kanthu m'buku.

“Pepani agogo, inuyo sizitheka.”

“Sichitheka n'chiyani?”

“Mawu ena amabadwira pamano. Lilime likagunda dzino ndi pamene amatuluka bwino. Kwa inu mpweya ukungodutsa. Amene anandiphunzitsa anandiuza mobwereza kuti munthu wojambulidwa akhale ndi mano onse, kuti kaseti isunge katchulidwe kenikeni.”

“Kenikeni!” Tina Obed anatembenukira mnzawo wa pamtima, Tina Dorkas, amene anakhomedwa nawo tsiku limodzi pansi pa kachere yemwe uja. “Wamva, mkazi mnzanga? Zaka zonsezi takhala tikuyankhula zabodza.”

“N'chifukwa chake amuna athu sankatimvera,” anatero Tina Dorkas.

Wosankhidwa anali aphunzitsi a Welem, opuma pantchito, mano thelathela kuphatikizapo limodzi lagolide. Iwowa anakulira kusukulu ya mishoni, ndipo zaka makumi atatu zimene anaphunzitsa kuno, mwana akayankhula Chimoma m'kalasi ankamukoleka chigoba cha kokonati m'khosi tsiku lonse. Lero anaima, n'kukonza kolala, n'kunena kuti ndi okonzeka kutumikira chiyankhulo cha makolo awo.

Tina Obed anabwerera kunyumba.

Obed amayi ake ankawakonda, kungoti analinso munthu wa ofesi. Mutu wake unamuuza kuti ngati vuto ndi mano, mankhwala ake ndi mano. Tsiku la msika anawakweza panjinga yamoto mpaka kwa bambo wina amene ankayala tebulo pakati pa ogulitsa nsomba zouma ndi ogulitsa mapoto, akupanga mano oikirira. Patatha sabata mano anafika atakulungidwa m'nyuzipepala.

“Amayi, tayesani. Ndakambirana naye Darwis. Akuti mukavala amenewa akupatsani mpata pambuyo pa aphunzitsi.”

“Anali a ndani?”

“Si a munthu, amayi. Ndi opanga.”

“Mwini wake adzabwera kudzawalonda, udzamuyankhe ndiwe.”

Komabe anawavala. Chifukwa cha Palu, anawavala. Milomo imene inazolowera kugonerana kwa zaka makumi asanu inadzuka n'kutundumuka. Atadziona pagalasi anaona hatchi itavala mpango. Anatsika makwerero a nyumba kupita kwa Tina Dorkas, amene ankapeta mpunga. Tina Dorkas anakweza maso, lichero n'kugwa.

“Odi kuno,” anatero Tina Obed, mano akuti kha kha.

“Lowani, mayi,” anatero Tina Dorkas, misozi ya phwete ikutsika. “Mwachokera kuti? Kuno alendo timawalandira, koma musatilume.”

Zimenezo Tina Obed anazipirira, poti kusekana ndi Tina Dorkas kunali chakudya chawo cha tsiku ndi tsiku. Chimene chinawalasa chinachitika masana. Anatenga chipanda cha misere ya mpunga, n'kuima pamalo awo a nthawi zonse, n'kuitana nkhuku. Nkhuku zinali pansi pa mitengo ya koko, pafupi pomwepo. Tambala anatukula mutu, n'kupendeketsa, n'kubwerera kukapalasa. Anaitananso. Ngakhale kamwanapiye. Nkhuku zimene agogo ake a agogo ake anaswera m'dengu lawo, zinawasandutsa munthu wodutsa panjira.

Anavula manowo, n'kuitana kamodzi. Zinabwera zikugundana.

Anaima pamenepo nthawi yaitali, chipanda kudzanja lino, mano kudzanja linalo. Kenako anawatsuka n'kuwabwezera m'kamwa. Nkhuku sizipita kusukulu ku Palu.

Kujambula kunayamba Lachinayi mu lobo, nyumba yathu ya misonkhano ya matabwa ija. Darwis anaika wailesi pamkeka, maiki n'kuiimika m'kapu. Amuna anakhala kutsogolo, amayi kumbuyo, ndipo Obed anauza aliyense kuti ngakhale kutsokomola kwaletsedwa.

Aphunzitsi a Welem anayamba ngati njinga yotsetsereka. Mutu. Diso. Madzi. Nyumba. Liwu lililonse katatu, chifuwa chili patsogolo, dzino lagolide likung'anima. Kuwerenga mpaka khumi anawerenga bwino kwambiri. Koma buku la Darwis linali lalitali. Linafika pa ntchito za m'munda, aphunzitsi n'kuyamba kukanda kukhosi. Linafika pa mpunga: dzina lake ukangomera, dzina lake ukatenga mimba, dzina lake ukawerama. Aphunzitsi anapereka liwu limodzi la zonsezo.

Kumbuyo kuja kunamveka kung'ung'udza.

“Chonde amayi, chete,” anatero Darwis. “Aphunzitsi, nanga khungwa limene laviikidwa kale koma silinasulidwe, mumati chiyani?”

Aphunzitsi anayang'ana kudenga. Kudenga kunalibe yankho. Ananena liwu la Chiindoneziya, n'kuliphatika kamchira kumapeto kuti lioneke lakwathu.

“Eee, a Welem!” anafuula Tina Dorkas. “Limenelo mwaligula kumsika uti?”

Darwis anazimitsa wailesi, n'kubweza kaseti, n'kupemphanso bata. Dzuwa litapendeka anapukuta magalasi n'kunena kuti tsopano ayese agogo aja.

Tina Obed anakhala patsogolo pa maiki, mano ali m'malo mwake. Anawapatsa mawu khumi. Anawanena mosamala, lilime likuzemba ngati munthu woyenda m'nyumba ya eni ake. Darwis anagwedeza mutu mokhutira, n'kubweza kaseti kuti onse amve.

M'kabokosimo munatuluka mayi wina wake. Mayi wamanyazi, wopemphetsa, woyankhula ngati wanyamula mazira m'kamwa, ndipo pakati pa liwu ndi liwu panali kha, kha.

“Ameneyo ndani?” anafunsa Tina Obed.

“Ndinu, agogo. Zamveka bwino ndithu. Phokoso la manowo mukazolowera litha.”

“Ameneyu ndi amene apite ku Palu? Adzukulu anga adzati agogo athu ndi amenewa?”

“Amayi…” anayamba Obed.

Tina Obed anapisa zala ziwiri m'kamwa, n'kuzula manowo. Pambali panali mbale yamkuwa yoikamo pinangi wa alendo. Anawaika mmenemo, ngwee, n'kukankhira mbaleyo patsogolo pa maiki.

“Afunse amenewa. Ndi anzako, achokera kumsika. Ali onse, palibe laguluka.”

Tina Obed anatembenuka, pakamwa pali pululu monga mwa masiku onse, mawu awo enieni atabwerera.

“A Welem, ndikufunseni. Munayamba kuyankhula muli kusukulu?”

“Funso lanji limenelo, Tina Obed?”

“Yankhani, si inu mphunzitsi? Liwu loyamba anakuikani m'kamwa ndani?”

“Mayi anga, mwachidziwikire.”

“Mayi anu ndinkawadziwa. Tinkatunga madzi pamodzi. Anali ndi mano angati kutsogoloku?”

Aphunzitsi anakonza kolala.

“Iwe Obed, ndi chigoba cha kokonati chimene ankakukoleka bambo awa, mawu amene ankakukolekera chigobacho unawatenga kwa yani? Inu nonse mwakhala kutsogoloku ndi mano anu, tandiuzeni mmodzi amene anayamwa kwa mkazi wa mano. Mmodzi yekha aimirire.” Palibe anaimirira. Analoza m'kamwa mwawo. “Chimoma chonse chimene chili m'chigwa muno chinadutsa pampata uwu. Mpweya umene ukuti ukuthawawo, mwanawe, ndi umene unalera mudzi uno. Anatikhoma tili ana, sitinafunsidwe. Tinalira, tinalavula magazi, tinapola. Lero mukufuna kutikhomanso kachiwiri, kuti poti munatichotsa mano, ndiye tichotsedwenso m'kabokosi?”

Darwis nkhope inagwa. Anali munthu wabwino, koma buku lake analiopa kuposa Mulungu.

“Agogo, ndikumva. Koma ndikapita ndi kaseti ya munthu wopanda mano, akuluakulu anga akaikana. Ntchito yanga yonse ikhala yopanda pake. Sindingathe.”

“Chabwino,” anatero Tina Obed. Anadzuka, n'kukutumula siketi. “Jambula aphunzitsi ako. Ife tili ndi ntchito kunyumba.”

Manowo anawasiya m'mbale momwemo. Obed ndiye anawatola n'kuwaika m'thumba la malaya.

M'mawa mwake Darwis anaimika maiki m'kapu, aphunzitsi anakonza pakhosi, kaseti inayamba kuzungulira. Pomwepo kuseri kwa lobo kunamveka: tung! tung! tung!

Amene sanamvepo amayi akusula nyanda sangadziwe. Khungwa la kachere amaliyala pathabwa lalitali lamphako kunsi, n'kumalimenya ndi chibonga, kenako ndi miyala yamizeremizere yomangirira ku ndodo zofewa. Thabwa limenelo limalira ngati ng'oma, phiri n'kumayankha. Mayi mmodzi akamasula, mudzi woyandikana nawo umadziwa. Apa anali anayi: Tina Obed, Tina Dorkas ndi ena awiri, onse amagweru, atakhala mondondozana, akumenya mosinthana bwino lomwe, akuimba nyimbo zakale zonyoza amuna aulesi.

Obed anatuluka akuthamanga.

“Amayi! Mukutani?”

“Tikusula nyanda. Wakhala khungu?”

“Lero? Pano?”

“Makungwa afewa lero. Ukufuna awole? Ndipo pano pali mthunzi wabwino.”

“Mukundichititsa manyazi pamaso pa mlendo!”

“Manyazi ali m'thumba la malaya akowo. Ukafuna avale.” Tung! tung! tung!

Darwis ananyamula wailesi yake kupita kusukulu, poti linali tchuthi. Anatseka mawindo. Atangofika pa liwu lachisanu, anaona pazenera agogo anayi akudutsa pabwalo la mpira atasenza thabwa lija pamapewa ngati maliro, Tina Dorkas akutsogolera nyimbo. Analitula pansi pa mtengo wa mango, n'kukhala.

“Kuja kunabwera nyerere,” anafotokoza Tina Obed, munthu asanawafunse.

Loweruka aphunzitsi a Welem anati zamasewerazi zithe, akajambulire kunyumba kwawo, kumene palibe mkazi angaponde popanda chilolezo chawo. Anakwera makwerero, anatseka chitseko, anakhala pamkeka. Kaseti inazungulira. Mutu. Diso. Ndiye pansi penipeni pa nyumbayo, pakati pa nsanamira, kunsi kwa matako awo: tung! tung! tung! Mpaka kapu ya maiki kumavina.

Aphunzitsi anasuzumira pampata wa matabwa. Amene ankamenya mwamphamvu kuposa onse anali akazi awo omwe.

“Mayi a m'nyumba! Nanunso?”

“Inenso chiyani?” anayankha mayiwo osakweza mutu. “Zaka makumi anayi mwakhala mukumva zonena zanga popanda mano. Simunasowepo mbale yanu ya mpunga chifukwa chosamva. Khalani pamwambapo muziyankhula zenizeni.”

Lamulungu kunali bata, poti ngakhale Tina Obed Mulungu ankamupatsa tsiku lake. Koma Darwis sakanajambula, chifukwa aphunzitsi anali kutchalitchi m'mawa ndi masana omwe. Lolemba amayi osula anali asanu ndi awiri. Lachiwiri anali khumi ndi mmodzi, ena mwa iwo ndi mano awo onse, ongobwera kudzathandiza azakhali awo. Nyanda imene inasulidwa sabata imeneyo, mudzi uno sunaionepo chiyambire. Galimoto yobwerera ku Palu inali ya Lachisanu, ndipo bokosi la mabatire linali litayamba kuoneka pansi.

Lachitatu m'mawa Darwis anakhala pakhonde la Obed akumvetsera makaseti ake. Kaseti yoyamba: tung, tung. Yachiwiri: tung, tung, ndi aphunzitsi akukuwa “diso!” ngati munthu womira. Koma kuseri kwa phokosolo kunali mawu ena. Amayi aja posula sankangoimba. Ankalangizana, kutsutsana, kutukwanizana. Uyu akuti khungwa lako silinafewe, uyo akuti tenga mwala wa mizere yaing'ono, winayo akuti apa wang'amba, phatika. Darwis anakweza wailesi, n'kuika khutu. Anatenga pensulo. Pofika nthawi ya khofi anali atadzaza masamba atatu, ndipo malo onse amene aphunzitsi anayang'ana kudenga anali atapeza eni ake.

Obed anamupeza atagwira mutu.

“A Obed, liwu ili amayi anu akulinena apa, aphunzitsi akuti kulibe.”

Obed anamvetsera. “Lilipo. Ankandiuza ndili mwana ndikang'amba malaya.” Anapisa dzanja m'thumba, n'kugwira mano aja. “Kungoti ineyo ndinali nditaliiwala.”

Anapita onse awiri. Thabwa tsiku limenelo linali pakhomo pa Tina Obed. Amayi atawaona akubwera anawonjezera mphamvu. Darwis anaima patsogolo pawo, wailesi ili m'manja, akudikira. Anadikira mpaka Tina Obed atakweza chibonga m'mwamba, onse n'kuleka.

“Mwana wa ku Palu, watopa?”

“Ndatopa, agogo.”

“Ife ayi. Makungwa alipo ofika mwezi wamawa.”

“Ndabwera kudzapempha kuti ndikujambuleni.”

“Obed, mupatse mano aja awajambule.”

“Inuyo, agogo. Mmene mulilimu.”

“Nanga akuluakulu ako aja?”

Darwis anapukuta magalasi. “Ndikalemba pakasetipo kuti woyankhulayu alibe mano akutsogolo. Akakana, akane ataimva.”

“Ulembe,” anatero Tina Obed. “Koma usalembe ngati ndinawataya pothamangitsa nkhumba. Ulembe kuti anachita kukhomedwa, pansi pa kachere wa kumtsinje, chaka chimene asilikali a ku Japani anachoka. Ulembe kuti ndinalira pang'ono, Tina Dorkas analira kwambiri.”

“Bodza!” anakuwa Tina Dorkas. “Iweyo unakodzera mkeka wa eni ake!”

“Zimenezo usalembe. Chachiwiri: sindikhala ndekha. Onsewa alowe. Chachitatu: sindinena mutu, diso, mutu, diso ngati mwana wa a Welem. Ndiyankhula zoti munthu angamve, iwe uzitola wekha mawu akowo ngati nkhuku. Chachinayi: kaseti imodzi ukaisiye m'manja mwa mwana wanga Orpa. Obed akulembera kumene amakhala. Osati kusukulu, osati kuofesi. M'manja.”

“Nanga aphunzitsi?” anafunsa Obed motsitsa mawu.

“Abwere. Kuwerenga mpaka khumi amatha. Akhale apo, penapake aphunzirepo.”

Anabweradi aphunzitsi, atakonza kolala, n'kukhala pamphepete pa mkeka. Poyamba nkhope inali gwa. Koma Tina Obed atayamba nyimbo yogonekera mwana, ija ya mbalame yakuba mpunga, milomo ya aphunzitsi inayamba kuyenda yokha. Akazi awo anawagunda ndi chigongono.

“Imbani mokweza, bambo. Chigoba cha kokonati kulibe kuno.”

Anajambula tsiku lonse ndi mawa lake lomwe. Mayina a mpunga kuyambira mbewu mpaka mumphika. Mayina a miyala yosulira. Mmene umayankhulira ndi apongozi, mmene umakanira mwamuna, mmene umatukwanira njati osaikwiyitsa. Darwis pensulo inamuthera, anabwereka ya Obed. Nthawi zina ankaimitsa n'kufunsa kuti bwanji liwu lomweli apa layamba mwina, apo layamba mwina. Tina Obed ankamuyankha kuti, “Apo ndachita ndine, apa andichitira. Kwanu zonsezo n'chimodzimodzi? N'chifukwa chake milandu sikutha ku Palu.”

Kaseti yomaliza itatsala pang'ono, Tina Obed anaikokera maiki pafupi, n'kutchula adzukulu awo atatu mayina, mmodzimmodzi.

“Ndine agogo anu, a ku Kulawi, opanda mano aja. Mukapanda kumva zimene ndikunenazi, mubweze kasetiyi mumvenso. Mukapandanso kumva, mubwezenso. Ine sinditopa, ndili m'kabokosi. Pa Khirisimasi ndikadzakufunsani kuti mwadya, amene adzayang'ane mayi ake sadzadya. Tsopano tamverani mmene timaitanira nkhuku kwanu kuno.”

Anaitana. Kaseti inati thapu, kutha.

Darwis anaibweza pang'ono kuti aone ngati yagwira mpaka kumapeto. Anaika wailesiyo pathabwa losulira lija, n'kukweza. M'kabokosimo munatuluka Tina Obed weniweni, mpweya ukudutsa pampata mwaufulu, akuitana.

Pansi pa mitengo ya koko panamveka chipwirikiti. Tambala anatulukira patsogolo, misoti pambuyo, anapiye akugwa n'kudzuka. Zinadutsa mwini wake atakhala chete pamkeka, n'kukazungulira wailesi, makosi ali m'mwamba, zina zikujompha chikwama chachikopa.

Amayi anagwa uku ndi uku ndi phwete. Tina Obed sanaseke msanga. Anaziyang'ana nkhukuzo, n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango.

“Ulembenso zimenezo,” anauza Darwis. “Akuluakulu ako akakana, uwauze abwere adzatsutsane ndi tambala.”

Lachisanu Darwis anakwera galimoto, kaseti ya Orpa ili m'thumba la pachifuwa, itakulungidwa m'kansalu ka nyanda yatsopano. Obed anafunsa amayi ake kuti nanga mano aja atani nawo. Tina Obed anawalandira, n'kupita nawo kumunda wa mpunga, kumene kunali chidole cha udzu choopsezera mbalame chovala malaya akale a malemu amuna awo. Anachimangirira manowo kumaso ndi ulusi wa mlaza.

Amene amadutsa kumeneko amati mpheta sizinaterenso m'munda umenewo mpaka kukolola.